Masamu a m'kalasi ndi bekale ya amalume: wolondola ndani?

Kalaliki_wa_Uvuni:
Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni maganizo. Ndimayang'anira kabekale ka amalume anga kuno ku Lilongwe. Timaphika buledi ndi masikono, uvuni ndi umodzi wamagetsi. Madzulo ndimachita dipuloma ya bizinesi, ndipo temu ino tikuphunzira zogwiritsa ntchito masamu popanga chiganizo: linear programming (kugawa zipangizo zochepa kuti phindu lichuluke), EOQ (kupeza mlingo woyenera wa katundu woti uode pa ulendo umodzi), za mizere ya makasitomala, zonsezo. Koma ndikangotulutsa pepala kuti tiwerengere buledi woti tiphike kapena matumba a ufa oti tiode, amalume amangoseka. Akuti bizinesi imamveka m'mimba, ndipo iwo adayamba kukanda ufa ine ndisanabadwe. Chonsecho mwezi ukatha ndalama sizioneka. Tsiku lina buledi amatsala mpaka kuchita nkhungu, tsiku lina pofika 10 koloko watha, mavenda n'kumabwerera ndi mabasiketi opanda kanthu. Alipo pano amene adawagwiritsapo ntchito masamu amenewa pa bizinesi yeniyeni, kapena ndi ongokhozera mayeso?

Chitsulo_Chanjanji:
Ongokhozera mayeso. Khozani, tengani pepala lanu, amalume muwasiye aziphika.

Mayi_Maakaunti:
Achimwene a Kalaliki, a Chitsulo musawamvere. Ine ndimagwira ntchito pa kampani ina yopanga zakudya, ndipo masamu amenewa timawachita sabata ndi sabata, kungoti sitiwatchula mayina a m'buku. Tiyeni tichite chitsanzo. Manambalawa ndikungopeka kuti mfundo imveke, inu muikepo anu.

Tinene kuti pa tsiku muli ndi matumba 4 a ufa, omwe ndi makilogalamu 200, ndipo uvuni ungathe kuyaka maola 11. Kulowetsa buledi mu uvuni kamodzi kumadya makilogalamu 25 ndi ola limodzi, ndipo mukachotsa ufa, yisiti, shuga ndi mafuta mumatsala ndi K40,000. Masikono kamodzi amadya makilogalamu 10 ndi ola limodzi, phindu K25,000. Woganiza ndi m'mimba anena kuti ndalama ili pa buledi, tiphike buledi yekhayekha. Mukalowetsa ka 8 ufa watha, mwapeza K320,000, uvuni n'kukhala maola atatu ukungozizira. Wina anena kuti masikono sadya ufa, tiphike amenewo basi: ka 11, mwapeza K275,000, ufa wambiri n'kutsala. Koma phikani buledi ka 6 ndi masikono ka 5. Ufa ukutha ndendende, 150 kuphatikiza 50, maola onse 11 agwira ntchito, ndipo phindu ndi K365,000. Ufa womwewo, uvuni womwewo, anyamata omwewo.

Chimene chimandisangalatsa ine kwambiri ndi chakuti masamuwa amakuuzani chinthu chimene chikukupanikizani kwenikweni. Tsiku loti magetsi ayaka maola 6 okha, ufa si vutonso, chosowa ndi maola. Pamenepo iwalani masikono, lowetsani buledi ka 6, mupeze K240,000. Ola lililonse lowonjezera mpaka kufika maola 8 likubweretserani K40,000. Koma kuchoka pa 8 kufika pa 11, maola atatuwo akungowonjezera K45,000 yonse pamodzi, kutanthauza K15,000 pa ola. Ndiye amalume akafunsa kuti tibwereke jenereta kapena ayi, yankho lili pamenepo. Jenereta ikamadya dizilo wa K25,000 pa ola, iyatseni kuti mukwanitse maola 8, kenako izimitseni.

Venda_wapa_Depoti:
Zonse mwanena bwino mayi, koma masikono olowetsa ka 5 pa tsikuwo agula ndani? Ine ndimaoda ku mabekale atatu, masikono amayenda m'mawa basi. Ikakwana 11 koloko ngakhale utsitse mtengo palibe akuwayang'ana.

Mayi_Maakaunti:
Mwafunsa zenizeni bambo. Ngati msika ungotenga masikono olowetsa katatu, amenewo ndi malire achitatu, muwaike m'masamumo ndipo yankho lisintha. Masamu sadziwa msika, amadziwa zimene mwawauza.

Chitsulo_Chanjanji:
Ndiye amene akudziwa msikawo si amalume omwe aja? Tazungulirazungulira tabwerera pomwepo.

Mphunzitsi_Wopuma:
Ndiloleni ndiikepo kambiri pang'ono, chifukwa a Chitsulo akuganiza kuti zinthuzi zidabadwira m'kalasi. Ayi ndithu. Leonid Kantorovich anali katswiri wa masamu ku Leningrad, ndipo amene adam'bweretsera vuto loti alithetse anali anthu a fakitale za plywood. Anali ndi makina osiyanasiyana, aliwonse ochita bwino pa mtundu wake wa matabwa, ndipo ankafuna kudziwa kuti ntchito aigawe bwanji kuti atulutse zochuluka. Adasindikiza njira yake mu 1939. Ku America, George Dantzig adatulukira njira yotchedwa simplex mu 1947 akugwira ntchito ya mapulani ku gulu la asilikali a ndege. Kantorovich adalandira mphoto ya Nobel ya zachuma mu 1975 pamodzi ndi Tjalling Koopmans. Dantzig sadapatsidwe, ndipo ambiri mpaka lero amati pamenepo padalakwika. Mfundo yanga ndi yakuti funso la fakitale ya plywood lija ndi lomweli la uvuni wa a Kalaliki: zipangizo n'zochepa, zoti upange n'zingapo, ugawe bwanji.

Hadiweya_Limbe:
Aphunzitsi, za Leningrad tamva. Koma ine ndikufuna tikambe za EOQ imene mnyamatayu watchula, chifukwa imeneyo ndiye ingakugwetse m'dzenje kuno kwathu. Imaganiza kuti mtengo wa katundu sukusintha chaka chonse, komanso kuti ukaoda lero katundu abwera pa tsiku lodziwika. Kuno? Mu May 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti. Amene anali ndi simenti ndi malata mosungira katundu adaseka, amene ankasunga ndalama kubanki n'kumaoda pang'onopang'ono monga likunenera buku adalira. Tirigu wa ufa wa buledi pafupifupi yense amachokera kunja, ndiye ndalama zakunja zikasowa kapena nkhondo ya ku Ukraine ikavuta ngati mu 2022, mtengo umadumpha usiku umodzi. Ine lamulo langa ndi limodzi: ndalama ikalowa, isanduke katundu.

Mayi_Maakaunti:
A Hadiweya, simenti ndi malata sizifumbwa. Ufa ukausunga miyezi itatu m'chipinda cha chinyezi nthawi ya dzinja, udzaupeza uli ndi anankafumbwe, wina utagwirana mabuma. Lamulo lanu ndi la hadiweya, musalitengere kubekale.

Komanso EOQ musaitaye yonse. Ford Harris adailemba mu 1913, ndipo nzeru yake ndi yosavuta: kuoda pafupipafupi kumadya ndalama za transipoti, kuoda zambiri nthawi imodzi kumamanga mpamba ndi kuononga katundu, ndiye pezani pakati. Tinene kuti bekale imadya matumba 1,200 pa chaka, ulendo umodzi wokatenga ufa ndi K60,000, ndipo kusunga thumba limodzi kwa chaka kumakudyerani K40,000 mukawerengera chiwongola dzanja ndi ufa woonongeka. Muchulukitse 1,200 ndi 60,000 ndi 2, mugawe ndi 40,000, mupeza 3,600. Square root yake ndi 60, poti 60 kuchulukitsa ndi 60 ndi 3,600. Ndiye kuti matumba 60 pa ulendo, ufa wa masiku 15 ngati mukutsegula matumba 4 pa tsiku. Tsono taonani: mtengo wosungira utakhala K10,000, yankho ndi matumba 120. Mtengo watsika kanayi koma oda yangokwera kawiri. Ndi chifukwa chake ngakhale manambala anu ataphonya pang'ono, yankho silipita kutali. Ndipo za chiwongola dzanjazo musazipeputse. Mu 2024 Reserve Bank idakweza chake kufika pa 26 peresenti, mabanki amalonda n'kumabwereketsa pamwamba pa pamenepo. Munthu wodzaza nyumba ndi ufa wa ngongole akulipira zambiri kuposa mmene akuganizira.

Hadiweya_Limbe:
Chiwongola dzanja cha chaka chonse ndi mtengo wokwera tsiku limodzi, chopweteka n'chiti mayi? Ndikudikira yankho.

Mayi_Maakaunti:
Ngati mukudziwa tsiku lomwe kwacha idzagwe, odani zambiri dzulo lake, buku lomwelo limavomereza zimenezo. Koma ngati mukulidziwadi tsikulo mutiuzeko nafenso.

Dalaivala_wa_Canter:
Kkkkk mayi mwawatha. Koma inu mukukamba za jenereta ngati dizilo amangopezeka. Ine nthawi ya vuto la mafuta ija ndinkagona pa filing'i siteshoni, galimoto ili pa mzere, katundu wa bwana ali kumbuyo. Masamu anuwo amawerengera zimenezo?

Injiniya_Kanjedza:
Amawerengera, ndipo ndi akale kwambiri. A. K. Erlang adawayamba mu 1909 ku kampani ya matelefoni ya ku Copenhagen, pofuna kudziwa kuti pakhale mizere ingati ya lamya kuti anthu asamadikire. Chomwe chimadabwitsa ndi ichi. Tinene kuti pali pampu imodzi, magalimoto akubwera mwa apo ndi apo mosadziwika. Pampuyo ikamakhala yotanganidwa 80 peresenti ya nthawi, pamakhala magalimoto pafupifupi 4, kuphatikiza imene ikuthiridwayo. Ikafika 90 peresenti, 9. Ikafika 95 peresenti, 19. Mzere sukula pang'onopang'ono, umaphulika. Ndi chifukwa chake manijala wa banki amene amanyadira kuti makashiya ake sakhala chabe ngakhale mphindi imodzi ndiye amene mzere wake umatulukira panja.

Dalaivala_wa_Canter:
Pampu yathu ija inali yotanganidwa 0 peresenti bwana. Munalibe mafuta.

Nachisale_Zomba:
Nanga za magetsi? Chimphepo cha Ana chitaononga Kapichira mu January 2022 tidataya mamegawati pafupifupi 130. Saluni yanga inkatsegulidwa usiku, makasitomala kubwera ndi matochi. Ndipo mpaka pano dera lathu akatizimitsira satsatira ndandanda yomwe amalemba okha.

Chitsulo_Chanjanji:
Gulani sola mayi, musiye kudandaula.

Nachisale_Zomba:
Sola yoyendetsa ma dryer atatu mundigulira ndinu?

Woyang'anira_Gulu:
Abale, za magetsi zili ndi ulusi wakewake, pitani kumeneko. Pano tikuthandiza a Kalaliki ndi amalume awo.

Gogo_Nasibeko:
Ine ndiwaikira kumbuyo amalumewo. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, mwanawe. Ndagulitsa buledi pagolosale yanga kuyambira kale, ndipo zimene zili m'mutu mwa munthu ngati ameneyo sizili m'buku lako. Amadziwa kuti mbatata ikayamba kukumbidwa anthu amamwera tiyi mbatata, buledi amagwa. Nthawi ya mondokwa chimodzimodzi. Amadziwa kuti sukulu zikatsekera masikono sayenda chifukwa ana sakutenga kanthu kopita nako, kuti boma likalipira malipiro sabata imeneyo chilichonse chimatha, kuti pakagwa maliro m'dera pamafunika buledi wambiri mwadzidzidzi. Iwe ukabwera ndi avereji ya mwezi wa February n'kuigwiritsa ntchito mu May, uphika buledi wodyetsa nkhumba. Usawaseke, uwafunse.

Mphunzitsi_Wopuma:
Agogo mwanena zoona, koma taonani kuti zonse mwatchulazo zingalembedwe. Mbatata ili ndi miyezi yake, sukulu ili ndi kalendala, malipiro ali ndi masiku. Vuto la nzeru za m'mutu ndi lakuti mwini wake akadwala kapena akapita kumudzi kukakolola, bekale imatsala yopanda mutu. Komanso mutu umakumbukira tsiku limodzi lomwe buledi adatha msanga anthu n'kukwiya, n'kuiwala masiku khumi omwe adatsala pang'onopang'ono.

Kauntala_Mzuzu:
Pa za kutsala ndi kuthazi pali kawerengedwe kena kosavuta komwe sikanatchulidwe. Funsani mafunso awiri. Buledi mmodzi akasowa kasitomala alipo, mwataya zingati? Tinene K300, phindu lomwe mukadapeza. Buledi mmodzi akatsala n'kugulitsidwa motchipa kwa oweta nkhumba, mwataya zingati? Tinene K700. Tsono gawani 300 ndi 1,000, zomwe ndi 300 kuphatikiza 700, mupeza 0.3. Tanthauzo lake ndi lakuti muziphika mlingo woti pa masiku 10 alionse, atatu okha ndiye buledi akwanire aliyense, masiku 7 enawo athe anthu akumufunabe. Zikumveka ngati misala, koma ngati kutsala kumapweteka kuposa kusowa, kutha msanga si ngozi. A Kalaliki akudandaula kuti buledi amatha 10 koloko, mwina limenelo ndiye tsiku lomwe bekale imapanga ndalama.

Venda_wapa_Depoti:
Bwana, inu simunayendepo ndi basiketi. Ine ndikabwerera kawiri chimanjamanja, kachitatu sindibweranso, ndipita kwina ndipo anzanga ndiwatenga. Mwataya K300 kapena mwataya venda?

Kauntala_Mzuzu:
Ndiye kuti K300 ija ndi yochepa, muikweze. Mukaona kuti kusowa kwa buledi mmodzi kumakutayitsani K1,400 chifukwa venda athawa, 1,400 kugawa ndi 2,100 ikupatsani magawo awiri mwa atatu, ndipo muyenera kuphika wambiri. Kapenanso mavenda okhazikika azinena madzulo kuti mawa atenga angati, awo muziwaphikira motsimikiza, kawerengedwe kaja katsalire ogula pakauntala. Ubwino wake ndi wakuti tsopano tikukangana za nambala imodzi yodziwika, osati za mimba ya amalume.

Wa_ku_Joni:
Ine masamu sindidana nawo, koma ndimaopa anthu okonda manambala mopitirira muyeso. Robert McNamara adali mmodzi mwa akatswiri a manambala amene adakonza kampani ya Ford nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, mpaka adakhala pulezidenti wa kampaniyo mu 1960. Atakhala nduna ya zachitetezo ya America kuyambira 1961, adatengera nzeru yomweyo ku nkhondo ya ku Vietnam, kumayesa kupambana powerenga mitembo ya adani. Akuluakulu a asilikali ataona kuti chofunika ndi nambala, manambala adayamba kufufuma. Pa pepala ankapambana, nkhondo n'kuluza.

Kuno ku Johannesburg ndidagwirapo pa kampani ina yogulitsa zakumwa. Mabwana adaganiza zoti bonasi izitengera makatoni omwe munthu watulutsa. Makatoni adatulukadi ambiri, koma pa ngongole, kupita kwa anthu a mashopu omwe aliyense ankadziwa kuti salipira. Chaka chikutha, ma graph ali okongola, kubanki kulibe kanthu. Ndiye a Kalaliki, tsiku lomwe mudzayambe kulipira anyamata anu potengera kuchuluka kwa buledi, mudzayambenso kuyeza kulemera kwake, apo ayi adzayamba kuchepa thupi.

Nkhuku_Mpemba:
Pepani ndilowererepo ndi zanga. Ndimaweta nkhuku za mazira ndipo chakudya chogula chandikwana. Ndimasakaniza ndekha chimanga, gaga, soya wokazinga, usipa wogaya ndi laimu, koma ndimangoyerekeza. Linear programming ingandithandize?

Mphunzitsi_Wopuma:
Inu ndiye mwafika pakhomo pake penipeni. Makampani opanga chakudya cha ziweto amagwiritsa ntchito njira imeneyi tsiku ndi tsiku. Vutoli lidatchuka ndi George Stigler mu 1945, pomwe ankafuna chakudya chotchipitsitsa chokwanira munthu chaka chonse posankha pa zakudya 77. Poyesayesa pamanja adapeza $39.93 pa mitengo ya 1939. Mu 1947 anthu ena adaliyesa ndi simplex, makalaliki 9 akugogoda makina owerengera a pa desiki, ndipo yankho lenileni lidatuluka $39.69. Onani, munthu wodziwa ntchito yake adaphonya ndi masenti 24 okha. Agogo a Nasibeko asangalala kumva zimenezo. Kusiyana kwake n'kwakuti lero kompyuta imachita zimenezo m'kuphethira kwa diso, ndiye soya akakwera mtengo mawa mumangosintha nambala imodzi. Chofunika ndi mtengo wa chilichonse pa kilogalamu, mlingo wa protein, mphamvu ndi calcium m'chilichonse, ndi zimene nkhuku ya mazira imafuna. Manambala a zakudyazo akupatseni alangizi a ziweto, musatenge kwa ine. Muikenso malire, chifukwa kompyuta ikaona kuti gaga ndi wotchipa idzakuuzani kuti muthire gaga wambiri kuposa amene nkhuku ingagaye.

Kalaliki_wa_Uvuni:
Zikomo nonse, ndikuwerenga chilichonse. Ndinayesa kuika manambala athu m'chitsanzo cha a Mayi_Maakaunti ndipo ndakanika pa sitepe yoyamba. Palibe amene akudziwa kuti thumba limodzi la ufa limatulutsa buledi angati. Amalume akuti mwakuti, wamkulu wa anyamata a usiku akuti mwakuti, kusiyana kwake ndi kwakukulu. Kabuku komwe tili nako timangolembamo ndalama zolowa madzulo.

Hadiweya_Limbe:
Hehede! Achimwene, vuto lanu si linear programming. Ufa ukutuluka pakhomo lakumbuyo.

Mayi_Maakaunti:
Musathamangire kunena anthu kuti ndi akuba, a Hadiweya. Mwina sikelo ndi yakufa, mwina mtanda amaudula ndi maso, mwina wopserera amangotayidwa osalembedwa. Koma apa ndiye poyambira, a Kalaliki, Solver, kachida ka mu Excel kochitira linear programming, muiwale kaye. Gulani kope la hadikava, mujambule mizere: tsiku, matumba otsegulidwa, buledi wotuluka mu uvuni, wopserera, wogulitsidwa, wotsala, maola omwe magetsi anayaka. Tsiku limodzi mukhalepo nokha usiku, thumba liyezedwe pamaso panu, muwerenge buledi amene watuluka. Imeneyo ndiye nambala yanu yoyezera masiku ena onse. Pakatha mwezi ndi theka mudzakhala ndi zokwanira kuchitira masamu onse takambawa. Ndipo wolemba matumba asakhale yemweyo wolemba buledi.

Gogo_Nasibeko:
Ndipo amalumewo usawapititsire laputopu. Uwauze kuti malume, ndikufuna ndiphunzire kwa inu, tandiuzani mawa tigulitsa angati. Ulembe zomwe anena, ulembenso zako pambali, madzulo muone limodzi. Akakupambana uvomere. Munthu wamkulu safuna kuphunzitsidwa ndi mphwake pamaso pa antchito.

Chitsulo_Chanjanji:
Akapeza kuti amene amatenga ufawo ndi amalume omwewo, kupititsa kunyumba yachiwiri, mudzatiuzenso pano.

Woyang'anira_Gulu:
A Chitsulo, chenjezo loyamba.

Nkhuku_Mpemba:
Solver mukunenayo ndiipeza pati? Ndatsegula Excel pa foni sindikuiona.

Injiniya_Kanjedza:
Pa foni simuipeza, imafuna kompyuta. Pitani pa File, Options, Add-ins, muyatse Solver Add-in, ikatero izioneka pansi pa Data. Posankha njira musankhe Simplex LP. Ngati mulibe Excel, LibreOffice Calc ndi yaulere ndipo ili ndi Solver yake pansi pa Tools. Kumbukirani kuchonga kuti manambala asatsike pansi pa ziro, apo ayi ikuuzani kuti muthire usipa wa minus 3 kilogalamu.

Nkhuku_Mpemba:
Kompyuta ndilibe, koma mwana wa achemwali ali nayo ya kusukulu. Ndikaika manambala a soya ndi gaga Loweruka ndiwaponya pano kuti mundionere ngati calcium wakwana.